Lipoti la galimoto ya mpikisano ya Austin Seven yopangidwira pakhomo imene inkadya bering'i yapakati

Galimoto imene lipotili likufotokoza inafika m'galaja mwathu ili pa ngolo, injini yake itayamba kugogoda kachiwiri m'zaka ziwiri zokha. Ndi galimoto yaing'ono ya mipando iwiri, yopanda denga, imene bambo wina anapanga yekha m'shedi ya kuseri kwa nyumba yake ku England chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, pogwiritsa ntchito chasisi ndi injini ya Austin Seven. Bamboyo anamwalira kalekale, ndipo galimotoyo inadutsa m'manja mwa anthu ena isanabwerere pabanja pamene mwana wawo wamkazi anaipeza n'kuiwombola. Mayiwa amaiyendetsa okha pa mipikisano yokwera phiri ndi ina ya mtunda waufupi, kumene galimoto iliyonse imanyamuka payokha n'kumalimbana ndi wotchi. Anandiuza kuti injini ikatentha imagogoda chapansi, kuti akaiponda kwambiri mpando ndi chiwongolero chomwe zimanjenjemera, komanso kuti singano ya geji ya oyilo imagona pafupi ndi ziro. Mankhwala ake anali atawaganiza kale, ndipo ankafuna kuti ndiwaikire pampu ya oyilo yamphamvu kuposa imene inalimo.

Ndalemba lipotili mwatsatanetsatane chifukwa ulendo woyamba ndinalephera. Chimene chinawonongeka ndinachikonza, ndipo ndinachikonza bwino ndithu, koma sindinafufuze chimene chinkachiwononga, moti mayiwo analipira ntchito imene sinawathandize. Makaniko aliyense amene angalandire galimoto ya mtundu umenewu akhoza kugwa m'mbuna yomweyo.

Mtundu wa galimotoyi

Austin Seven inapangidwa kuyambira mu 1922 mpaka mu 1939, ndipo zonse pamodzi zinakwana pafupifupi 290,000. Herbert Austin anaijambula kunyumba kwake ku Lickey Grange mothandizidwa ndi mnyamata wojambula mapulani, Stanley Edge, n'cholinga choti banja wamba likhale ndi galimoto m'malo mwa njinga yamoto. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, galimoto zimenezi zinali zitakalamba ndiponso zitatchipa, ndipo anyamata ambiri a ku Britain ankazigula, kutaya bodi yake yolemera, n'kumanga ina yopepuka pa chasisi yomweyo. Bungwe la 750 Motor Club, limene linayamba mu 1939, linakhazikitsa mpikisano wa 750 Formula mu 1949 kuti anthu opanda ndalama zambiri azipikisana pa galimoto zodzipangira okha zochokera ku Austin Seven, ndipo mu 1953 linawonjezera wa 1172 Formula wa injini za Ford. Colin Chapman, amene anayambitsa kampani ya galimoto ya Lotus, anayambira pomwepa: Lotus yake yoyamba ya mu 1948 inachokera ku Austin Seven yakale, ndipo Lotus Mark III ya mu 1951 inapambana kwambiri atagawa pakati njira zolowera mpweya ndi petulo m'buloko, mpaka okonza mpikisano anasintha malamulo. Eric Broadley, amene anadzayambitsa kampani ya galimoto za mpikisano ya Lola, naye anayamba ndi galimoto yodzipangira ya 1172 Formula. Ku America kunalinso gulu lofanana nalo lotchedwa H Modified, kumene ambiri ankagwiritsa ntchito injini ya Crosley ya 724 cc.

Mbiriyi ili ndi tanthauzo lenileni kwa makaniko. Galimoto zoterezi zilibe buku la fakitale, ndipo palibe ziwiri zofanana. Buku la Austin limafotokoza injini ndi ekiselo monga zinatulukira ku fakitale yake ya ku Longbridge, koma silidziwa kuti womangayo anadula pati, anawotcherera pati, ndiponso ankaganiza chiyani. Kuwonjezera apo, galimoto zatsopano zotsika mtengo zitatuluka, monga Austin-Healey Sprite mu 1958 ndi Mini mu 1959, ndiponso boma la Britain litayamba kuyeza galimoto zakale mu 1960, chidwi chodzipangira galimoto chinazilala, ndipo zambiri zinagulitsidwa motchipa kwa anthu amene sankadziwa maganizo a eni ake oyamba. Aliyense anasinthapo pake. Choncho chimene chimafika m'galaja lero si ntchito ya munthu mmodzi, koma ya manja angapo amene sanakambiranepo.

Injini ya Austin Seven ndi ya masilinda anayi, ya 747 cc, mavavu ake ali m'mbali mwa masilinda. Buloko yake ndi yachitsulo, yomangidwa ndi mabawuti pamwamba pa crankcase ya aluminiyamu, lomwe ndi bokosi losunga crankshaft, mtanda wozungulira umene mapisitoni amaukankha kudzera m'makonirodi. Kwa zaka zambiri crankshaft inkagona pa mabering'i awiri okha, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mu 1936 fakitale inawonjezera yachitatu pakati. Oyilo safika ku makonirodi kudzera mkati mwa crankshaft monga zilili m'injini zamasiku ano. Amapopedwa kudzera m'timabowo tiwiri topopera, n'kuwakhidwa ndi timaenje ta pa crankshaft pamene ikuzungulira. Chasisi nayo ndi yosavuta, yooneka ngati chilembo A: mizati iwiri yokumana kutsogolo, yachitsulo chopindidwa chotseguka kunsi, ndi mipingasa yochepa. Ndi yopepuka, koma imapotoka mosavuta, ndipo m'galimoto ya fakitale bodi ndiyo inkaithandiza kuuma. Injini imene tinaipeza m'galimoto ya mayiwa inali ya mabering'i atatu.

Kuyeza koyamba

Nkhani ya geji ndinaimaliza tsiku lomwelo. Popeza oyilo amatulukira pa timabowo totseguka, injiniyi sisunga mphamvu ya oyilo yambiri, ndipo ikatentha si zachilendo kuti geji iwerenge pansi pa 5 psi (psi ndi muyeso wa mphamvu ya oyiloyo). Geji imene inali pa dashibodi inali ya galimoto ina, yolekeza pa 100, ndiye singano yake inalibe kochitira koma kugona. Ndinawafotokozera mayiwo kuti pa injini imeneyi choopsa si kutsika kwa singano koma kukwera kwake mwadzidzidzi, chifukwa zikatero ndiye kuti kabowo kamodzi katsekeka ndipo makonirodi awiri akuuma. Ndinatsegula timabowo tonse tiwiri, ndinapisamo kawaya, ndipo tinali toyera. Pampu ndinaiyeza n'kuipeza ili bwino. Pempho la pampu yaikulu ndinalikana.

Titatsitsa injini n'kuchotsa sampu, chibeseni cha oyilo cha pansi pa injini, tinapeza timatuwatuwa tachitsulo choyera m'sefa ya oyilo. Bering'i yapakati inali itadyeka, koma osati mofanana: inapalika kwambiri kumtunda mbali imodzi ndi kunsi mbali inayo, ngati kuti crankshaft inkaipekesa mopingasa. Mabering'i a makonirodi anali abwinobwino, zimene zinatsimikiza kuti vuto silinali kusowa kwa oyilo. Crankshaft tinaitsuka, n'kuipaka mankhwala ofiira olowa m'ming'alu, kenaka oyera owatulutsa, ndipo patangopita mphindi zochepa kamzere kofiira kopyapyala ngati tsitsi kanaonekera pa ngodya ya pafupi ndi bering'i yapakati. Crankshaft imeneyo inali itatha ntchito.

Maganizo anga anali akuti nyumba ya bering'i yapakati siili pamzere umodzi ndi zakumapeto, ndipo sindinaganize zachilendo, pakuti limeneli ndi vuto lodziwika la injini za mabering'i atatu. Nditayeza ndi mtanda wowongoka wolowa m'mabowo onse atatu, ndinapeza kuti yapakati yasunthadi pang'ono. Ndinaikonza kuti ibwerere pamzere, ndinapeza crankshaft ina yakale yopanda mng'alu, n'kumanga injini yonse mosamala. Ili pa benchi, crankshaft inkazungulira ndi zala ziwiri zokha. Ndinaibweza m'galimoto pa mabawuti anayi omwewo amene ndinaichotsa, ndipo sindinadzifunse chifukwa chake pansi pa miyendo ya injini panali timphete ta aluminiyamu m'malo mwa malabala. Ndinatiwona, ndinatitsuka, n'kutibwezera. Pamenepo mpamene ndinalakwitsa. Ndinatenga zimene ndinazipeza ngati kuti ndi mmene womanga anafunira, ndipo ndinayeza injini ngati chinthu chokhala pachokha, kuiwala kuti imagwira ntchito itamangiriridwa pa chasisi.

Galimoto inapita ku mipikisano iwiri n'kubwerera ikugogodanso. Mayiwo sanakweze mawu. Anangondifunsa kuti, "Kodi bambo, ndi ine amene ndikuiyendetsa molakwika?" Funso limenelo linandipweteka kuposa kundikalipira, chifukwa munthu amene analibe mlandu ndiye amene anayamba kudzikayikira. Ndinawauza kuti ntchito yachiwiriyo sadzalipira, kupatula zipangizo, ndipo ndinawapempha kuti andisiyire galimoto yonse pamodzi ndi chilichonse chimene bambo awo anasiya chokhudza iyo.

Kuyeza kwachiwiri

Ulendo uno sindinathamangire kutsitsa injini. Ndinaimika galimoto pamalo osalala, ndinachotsa mapulagi onse anayi, giya ili pa fili, n'kuzunguza injini ndi sipanala kutsogolo. Inkayenda mofewa. Kenaka ndinauza mnzanga wogwira naye ntchito kuti aike jeke pansi pa ekiselo, pafupi ndi tayala lakutsogolo lakumanja, n'kumakweza pang'onopang'ono ine ndikuzunguzabe. Tayala lisanatalikire pansi ngakhale kutalika kwa chikhatho, sipanala inayamba kulemera m'manja mwanga, ndipo pa malo amodzi a mzunguliro uliwonse inkagwira ngati pali wina akuikoka. Atatsitsa jeke, inamasukanso. Tinabwereza kumanzere, ndipo zinachitikanso chimodzimodzi, kungoti malo ogwirawo anasuntha. Pomaliza ndinamasula mabawuti awiri akutsogolo a miyendo ya injini galimoto ikadali pa jeke, ndipo mwendo umodzi unanyamuka wokha, n'kusiya mpata woti ndinalowetsamo chikhadabo. Injini inazunguliranso mofewa nthawi yomweyo.

Nkhani yonse inali pamenepo. Galimoto ikamakhota mwamphamvu kapena ikaponda chitunda ndi tayala limodzi, chasisi inkapotoka, ndipo popeza injini inamangidwa zolimba pa ngodya zonse zinayi, crankcase ya aluminiyamu inkakakamizidwa kupotoka nayo limodzi. Crankshaft yogona pa mabering'i awiri ikhoza kupirira zimenezi, pakuti malo awiri amakhala pamzere umodzi nthawi zonse. Pakakhala yachitatu pakati, iyo imasunthira mbali pamene zakumapeto zili pamalo pake, ndipo crankshaft imapindidwa uku ndi uko pa mzunguliro uliwonse, maulendo masauzande pa mphindi imodzi. Chitsulo chopindidwa motero chimatopa, n'kuyamba kung'aluka pa ngodya. Pa benchi zimenezi sizikanaoneka, ndipo pa msewu wabwino, woyendetsa akuyenda modekha, injiniyo mwina ikanatha zaka zambiri. Pa phiri la mpikisano, kumene makona ndi othina ndiponso msewu ndi wopendekeka, sinkatha kupitirira masiku ochepa.

Funso lotsatira linali lakuti kodi munthu amene anamanga galimoto mwaluso chotere akanalephera bwanji kuona zimenezi. Tinachotsa bodi yonse n'kuyamba kupala utoto wakuda wa pa chasisi, ntchito imene inatitengera masiku atatu, ndipo pansi pa utotowo manja a anthu anayamba kusiyana okha. Ntchito ya womanga woyamba inali yosavuta kuizindikira: mapaipi opyapyala olumikizidwa ndi mkuwa wosungunula pa moto wa gasi, msoko wake wachikasu, wosalala, wa timizere tofanana ngati mamba a nsomba. Iye anatsekanso kunsi kwa mizati iwiri ija ndi chitsulo chopyapyala kuti ikhale ngati bokosi, monga ankachitira ambiri pa nthawiyo. Dzanja lachiwiri linali la munthu wowotcherera ndi magetsi, msoko wake wotupa, wa mabowomabowo, wozunguliridwa ndi madontho achitsulo. Ndipo kumbuyo pang'ono kwa injini, mkati mwa mzati uliwonse, tinapeza chitsa chachifupi cha paipi chokhala ndi mkuwa m'mphepete, chodulidwa ndi sowo. Zitsa ziwirizo zinkayang'anizana. Zina ziwiri zazing'ono zinali pamwamba, pa chimango chogwira dashibodi.

Zithunzi zimene mayiwo anabweretsa m'katoni ya nsapato zinatsiriza umboni. Pa chimodzi, chojambulidwa galimoto isanavekedwe bodi, paipi yonenepa inkaoneka ikudutsa pansi pa giyabokosi kuchokera ku mzati wina kufika ku unzake, ndipo mapaipi awiri opendekeka ankakwera kuchokera pamenepo kukagwira chimango cha dashibodi, n'kupanga makona atatu mbali iliyonse. Pa china, bambowo anagwada pambali pa crankcase yotsegula imene inalibe bering'i pakati. M'kabuku kawo ka manotsi, kodetsedwa ndi zala za oyilo, anajambula mwendo umodzi wa injini uli ndi kasipuling'i pansi pa nati. Womangayo ankadziwa bwino lomwe kuti chasisi yake imapotoka, ndipo anadziteteza m'njira zitatu zimene zonse zinachotsedwa pambuyo pake. Mwachionekere wina anaika injini ya mabering'i atatu poganiza kuti ndi yolimba kuposa, anadula mapaipi aja kuti apeze podutsira ekizozi yatsopano, ndipo malabala a injiniyo atatha anaikapo timphete ta aluminiyamu. Sindikumunyoza munthuyo, chifukwa chilichonse mwa zitatuzo pachokha chimaoneka chanzeru kwa amene sakudziwa ntchito ya chinzake.

Tinapezanso china chimene sindinachiyembekezere. Pamene chitsulo chotseka kunsi kwa mzati wakumanja chinkathera mwadzidzidzi, panali mng'alu umene unali utakwera mpaka theka la mzatiwo. Malo amene chitsulo cholimba chimakumana ndi chofewa ndi pamene kupindika konse kumasonkhana, ndipo apa womanga woyamba nayenso anapereweza, kungoti paipi yake yopingasa inkabisa kupereweraku. Galimoto imeneyi inali pafupi kuthyoka msana mayiwo ali mkati.

Zimene tinagwirizana ndi zimene tinachita

Ndinawaitana mayiwo kuti adzaone ndi maso chasisi ili yamaliseche pa matebulo awiri. Njira zinalipo ziwiri. Yotchipa inali kuwotcherera mng'alu, kubwezera malabala pansi pa injini ya mabering'i atatu, n'kulekera pomwepo. Ina inali kubweza galimoto ku maganizo a bambo awo: mapaipi onse atatu, injini ya mabering'i awiri, ndi mwendo wa sipuling'i. Ndinawauza mosabisa kuti yoyambayo ichepetsa vuto koma siithetsa kupotoka, ndipo yachiwiriyo itenga miyezi ndi ndalama zambiri. Panalinso nkhani ya malamulo, chifukwa magulu a galimoto zakale amafuna kuti galimoto ikhale mogwirizana ndi nyengo imene inamangidwa, ndipo zithunzi zija zinali umboni wakuti mapaipiwo si nzeru zathu zatsopano. Anasisita chitsa chimodzi ndi chala kwa kanthawi, kenaka anasankha njira yachiwiri.

Chasisi tinaimangirira pa tebulo lachitsulo lowongoka, n'kuiyeza mopingasa kuchokera ngodya ina kufika ina mpaka miyeso iwiri inafanana. Mng'alu tinauboola kumapeto kuti usapitirire, tinausema, n'kuuwotcherera, ndipo chitsulo chotseka kunsi tinachitalikitsa mbali zonse ziwiri, mapeto ake n'kuwasongola ngati mchira wa nsomba kuti kulimba kuzichepa pang'onopang'ono. Pa mapaipi ndinaumirira kugwiritsa ntchito mkuwa ndi moto wa gasi monga anachitira mwiniwake, ndipo chifukwa chake si kukongola kokha. Pamalo pamene panadutsa mkuwa sipawotchereredwa ndi magetsi, chifukwa mkuwawo umalowerera m'chitsulo chosungunuka n'kusiya msoko wosachedwa kung'aluka, ndipo zina mwa ntchito za dzanja lachiwiri zinang'aluka pa chifukwa chomwechi. Komanso mkuwa umasungunuka pa kutentha kocheperapo, choncho suwotcha paipi yopyapyala kapena kuikhotetsa. Kukula kwa mapaipi atsopano tinakutenga pa zitsa zija, ndipo ekizozi tinaipinda ina yodutsa kunja kwa mzati, monga zinkaonekera pa chithunzi.

Crankcase ya mabering'i awiri tinaipeza kwa ogulitsa zipangizo zakale, ndipo tinaiyeza kaye ming'alu, makamaka pa kamlomo kogwira bering'i yakutsogolo kamene kamakonda kuthyoka, ndiponso pa mabowo a mabawuti ogwira buloko amene amakonda kuzuka mu aluminiyamu. Crankshaft tinagula yatsopano, pakuti ku Britain zimasulidwabe, ndipo sindinafune kuikanso moyo wa injini pa chitsulo chimene chagwira ntchito zaka zoposa 80. Crankshaft yopanda chogwira pakati imagwedera pang'ono injini ikathamanga kwambiri, moti mapisitoni awiri apakati amakwera kupitirira pamene amafika injini ikamazunguzidwa ndi manja. Choncho ndinasiya mpata wokwanira pakati pa mapisitoniwo ndi hedi, ngakhale kuti kutero kumadya mphamvu pang'ono. Timabowo topopera ndinatilunjikitsa sampu ili yochotsa, ndikupopa oyilo ndi dzanja n'kumayang'ana ndi tochi ngati mtsinje wake ukugwera m'kaenje ka crankshaft. M'sampu ndinaikamo timalata totchinga kuti oyilo asamathawire mbali imodzi pa kona n'kusiya pampu ikumwa mpweya. Miyendo itatu ya injini tinaimanga zolimba, wachinayi tinauikira sipuling'i pansi pa nati monga m'kabuku muja, ndipo pa dashibodi tinaikapo geji yolekeza pa 10.

Sikuti zonse za womanga woyamba ndinazitsata. Thanki ya petulo anaiika kuseri kwa dashibodi, pamwamba pa miyendo ya woyendetsa, ndipo inali yolumikizidwa ndi mtovu umene unali utayamba kuchucha m'msoko. Tinapanga ina ya aluminiyamu n'kuiika kumchira, kuseri kwa chitsulo chotchinga moto, ndipo mapaipi onse a petulo tinaika opirira ethanol, popeza kuyambira mu September 2021 petulo wamba wa ku Britain ndi E10, wosakaniza ndi ethanol, amene amadya labala wakale. Mkono wa chiwongolero wa Austin Seven umadziwika ndi kung'aluka pa ngodya yake; titauyeza ndi mankhwala ofiira aja unaonetsa kamzere, ndipo tinausintha osakambirana. Mabuleki bambowo anali atawasintha kale kuchoka ku a zingwe kupita ku a mafuta pogwiritsa ntchito zipangizo za Morris Minor, zimene zinali zofala, ndipo ife tinangosintha mapaipi ndi malabala ake. Ndinaumiriranso chitsulo choteteza mutu galimoto ikagubuduzika. Mayiwo anadandaula kuti chisintha maonekedwe, ndipo ankanena zoona, koma pa chimenechi sindinagonje. Tinachimanga ndi mabawuti pa mapaipi atsopano aja kuti chizichotsedwa galimoto ikamapita kokaonetsedwa chabe.

Bodi sindinaikhudze. Ndi ya aluminiyamu yosulidwa ndi nyundo, ndipo mbali yakumanzere ndi yotupa pang'ono kuposa yakumanja. Mkati mwa boneti zipsera za nyundo zikuonekabe, zazikulu kumayambiriro, zazing'ono ndi zofanana cha kumapeto kumene dzanja linali litazolowera. Mnzanga ankafuna kuziwongola, koma ndinamuletsa, chifukwa sizichepetsa liwiro kapena chitetezo, ndipo ndi zimene mwana wa mwiniwake amadziwira bambo ake. Pampu ya madzi imene iwo anawonjezera tinaisiyanso. Austin Seven inatuluka yopanda pampu yotere, madzi otentha ankakwera okha kupita ku rediyeta yaitali, koma rediyeta ikatsitsidwa kuti boneti ikhale yafupi madziwo sayendanso bwino, ndipo bambowo anaziona zimenezi.

Zotsatira

Tisanabwezere bodi tinabwereza muyeso wa jeke uja mbali zonse ziwiri. Ulendo uno tayala lakumbuyo linayamba kupepuka msanga, kusonyeza kuti chasisi ikunyamuka yonse pamodzi m'malo mopindika, ndipo sipanala sinalemere ngakhale pang'ono. Sipuling'i ya mwendo wachinayi inkafinyika pang'ono pokha, mooneka ndi geji yoyezera basi. Injini tinaiyendetsa modekha kwa maola angapo, tinasintha oyilo, tinamanganso mabawuti a hedi ndi a buloko itazizira, kenaka mayiwo anakaiyesa pa bwalo tsiku lopanda mpikisano. Atatsika ananena kuti kunjenjemera kwatha, koma anaonjezeranso chimene sindinawafunse, chakuti galimotoyo tsopano ikulowa pa kona nthawi yomweyo akapotoza chiwongolero, pamene kale inkayamba yazengereza. Mashoko akutsogolo, amene wina anawamanga kwambiri pofuna kubisa kufewa kwa chasisi, tinawamasula pang'ono. Oyeza galimoto asanayambe mpikisano, amene amatsata malamulo a Motorsport UK, bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto ku Britain, anailola popanda funso.

Itatha nyengo yonse ya mipikisano, galimoto inabweranso kuti tiione. M'sefa munalibe kachitsulo kalikonse, mabering'i a makonirodi anali osalala, ndipo pa mapisitoni apakati panalibe chizindikiro choti anagunda hedi. Misoko ya mkuwa ndi malo a mng'alu uja tinawasiya opanda utoto wakuda, tinangopakapo vanishi woonekera mkati, kuti kamzere kalikonse kakadzayamba kadzaoneke msanga. Mpaka pano palibe.

Zinthu ziwiri zatsala zoti tiziziyang'anira. Buloko ili ndi kamng'alu kakang'ono pafupi ndi bawuti yapakati ya hedi, kamene sikanafike ku njira ya madzi, ndipo ndakalemba malire ake ndi kachitsulo kosongoka kuti tidzadziwe ngati kakukula. Chachiwiri ndi mashafuti a ekiselo yakumbuyo. Habu ya tayala imagwira pa nsonga yosongoka ya shafuti mothandizidwa ndi kakiyi, ndipo nati ikangomasuka pang'ono kakiyiko kamayamba kusema chitsulo mpaka shafuti kuthyoka. Popeza chasisi yauma ndipo matayala akugwira msewu kuposa kale, katundu amene ankathera m'kupotoka tsopano akufika ku mashafutiwo. Ndawapatsa mayiwo sipanala yake ya natiyo kuti aziyesa m'mawa wa mpikisano uliwonse, ndipo tagwirizana kuti mashafuti onse awiri tidzawazule n'kuwayeza ming'alu nyengo yachisanu ikubwerayi. Kabuku ka bambo awo kali ndi masamba otsala kumapeto, ndipo mwa chilolezo chawo ndajambulamo malo a mapaipi atatu aja, kukula kwake, ndi chifukwa chimene mwendo wachinayi uli ndi sipuling'i.